Mmene Amalume Anga Analowera m'Mbiri ya Mexico

Ndisanabwere ku Doha, kuno kwa Aarabu, ndinaphunzitsa History zaka zisanu ndi zinayi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Namwera. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa anthu akandiona mu yunifolomu ya antchito a m'nyumba amayesa ndinabadwa nditagwira mopu. Ayi ndithu. Ndinali ndi choko changa, ndinali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ndipo ndikalowa ana onse ankaimirira.

Kuno ndimagwira ntchito m'nyumba ina ku Al Markhiya. Kuchapa, kusita, kukolopa masitepe amene sada koma amafuna kukolopedwa tsiku ndi tsiku. Madamu ali ndi ana aakazi awiri, mapasa, amene chaka chimenecho anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndipo ankaphunzira pa sukulu ya azungu. Wina ndi wolongolola, wina ndi wofatsa. Ndinkawasiyanitsa ndi pakamwa basi, poti nkhope ndi imodzi.

Tsiku lina masana ndikupukuta magalasi m'chipinda chodyera, ndinamva wolongolola uja akuuza mnzake kuti California ndi ya Amereka kuyambira kalekale. Ndinayesa kudzigwira. Ndinapukuta galasi limodzi, lachiwiri, kenako pakamwa panangotseguka pokha.

"Inali ya Mexico imeneyo," ndinatero. "Ndi Texas yemwe. Tsegulani bukulo muone."

Anatsegula, anaona, anandiyang'ana ngati mphaka walankhula. Madzulo ake nkhani inali itafika kale kwa madamu, ndipo anandiitana. Ndinapita ndikuti lero ndiye ndaziputa. Koma iwo anangondifunsa ngati ndinalidi mphunzitsi. Ndinakatenga masatifiketi anga m'sutikesi. Anawayang'ana mwachidule, nkundiuza kuti teremu yonseyo anawo aziphunzira za Mexico ndi anansi ake a kumpoto, ndipo kumapeto kuli nkhani yaitali yoti aliyense alembe. Chaka chathacho onse awiri analephera History.

Apa ndi pamene ndinalimba mtima. Ndinali nditamva kwa mnzanga wina wa ku Chipata, wogwira ntchito ku Nuaija, konkuno ku Doha, kuti sukulu yomweyo ikufuna othandizira aphunzitsi. Chofunika chinali fomu, masatifiketi, ndi kalata ya bwana wako yonena kuti umadziwa kuphunzitsa ndipo akukumasula. Ndinawauza madamu zonsezi maso ali pansi.

"Ana anga akakhoza, kalatayo ndikulembera," anatero.

Abale inu, tsiku limenelo ndinakolopa masitepe ndikuimba.

Tinkayamba folo koloko, tikapemphera swala ya masana, mpaka sikisi. Musaganize kuti ntchito zina zinachepa. Zinkangondidikira. Buku lawo ndinkaliwerenga choimirira, makina ochapira akuzungulira, ndipo pofika folo miyendo imakhala itatupa. Koma ndinkakhala pa mpando, patebulo pomwe ndinazolowera kungoikapo mbale, ndipo kwa maola awiri amenewo palibe ankandiitana kuti ndibweretse kanthu.

Ndinaphunzitsa mmene ndimadziwira. Kwathu buku limakhala limodzi, ndipo ndi la aphunzitsi. Iwe umalankhula, ana amalemba, pa mayeso amakubwezera zomwe unawapatsa, mawu ndi mawu, nkukhoza bwinobwino. Ana ambiri amene ndinawaphunzitsa anapita ku koleji ndi manotsi anga, ena mpaka ankawabwereketsa ku masukulu ena. Ndiye Lachisanu lina ndinapita kumashopu a ku Old Airport, ndinagula makope awiri a chikuto cholimba. Matabuleti awo ndinawalanda nkuwaika pamwamba pa firiji.

"Lembani," ndinatero. "Mutu: Nkhondo ya Mexico ndi Amereka. Tsekani mzere kunsi kwake."

Ndinkayembekezera kuti adandaula. Kudandaula kuti? Anakondwa zedi. Kusukulu kwawo amawavutitsa ndi mafunso akuti iwe ukuganiza bwanji, iwe ukuona bwanji. Apa panabwera munthu wowapatsa zonse zophikaphika. Wolongolola uja anati ndine mphunzitsi wabwino kuposa onse, ine nkumadzimva. Kupusa kwanga kunayambira pamenepo.

Tinadutsa za Aspanya, za ufulu wa Mexico, za anthu a kumpoto amene ankalowa ku Texas pang'onopang'ono mpaka kuchuluka kuposa eni ake. Tinafika pa nkhondo, ndi pangano limene linadula dziko la Mexico pafupifupi pakati. Apa wofatsa uja anaika cholembera pansi.

"Sindikumvetsa," anatero. "Anthu amene ankakhala kumeneko anapita kuti?"

"Sanapite kulikonse."

"Ndiye anakhala bwanji a ku Amereka?"

Tsiku limenelo ndinali nditachapa makatani a nyumba yonse, msana ukuwawa ngati ndalima. Ndinalibe mphamvu yofufuza m'buku. Ndinangowauza za amalume anga a ku Chiponde. Munda wawo anaulima kuyambira ali mnyamata, munda umene analimanso bambo awo. Chaka china kunabwera anthu oyeza malire, ndi zipangizo zawo, nkuzika mwala pakati penipeni pa chimanga. Kuyambira tsiku limenelo amalume ankadzuka ku Malawi, kukapalira ku Mozambique, nkubwerera kudzamwa thobwa ku Malawi. Mtengo wa mango umene anabzala okha unakhala wa dziko lina. Iwo sanasunthe phazi, anasuntha ndi malire.

Mapasa anandiyang'anitsitsa. Ndinaona m'maso mwawo kuti chalowa, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kukoma kwa zimenezo.

"Tilembe zimenezi?" anafunsa wofatsa uja.

"Lembani zonse," ndinatero, ndikusisita msana. Ndinabwerezanso pang'onopang'ono kuti asaphonye liwu.

Sabata yotsatira tinafika pa amuna a ku Mexico amene ankatengedwa pa kontrakiti kukagwira ntchito m'minda ya kumpoto. Pa malire ankawavula, kuwayeza m'chifuwa, kuwayang'ana m'manja ngati muli zikang'a za khasu, nkuwapopera mankhwala. Gawo limeneli ndinalithamangitsa. Ndinakumbukira mzere wa ku medikolo, koyezetsa m'thupi, sabata yanga yoyamba kuno, tonse akazi akuda ndi a ku Asia, mapepala m'manja, osadziwa chimene akufuna m'magazi mwathu. Wolongolola uja anati, "Haram, zachisoni, anthu osauka," kenako anandipempha kuti tikamaliza ndimubweretsere juwisi wozizira. Sindinamukwiyire. Ndinangotopa kwambiri.

Nthawi yolemba nkhani yaikulu ija itakwana, ndinawauza zomwe ndinkauza ana anga onse: zonse zili m'makope mwanu. Pepala la malangizo la kusukulu linali m'chikwama mwawo teremu yonse. Sindinalipemphe. Ndinkati ine zaka zisanu ndi zinayi, mzungu andiuza chiyani za History?

Patapita masiku angapo kusukulu kunabwera foni. Madamu ananditenga kuti ndikanyamule chikwama chawo, poti pochokera kumeneko ankadzera kogula zinthu. Tinalowa mu ofesi yozizira ngati mosungira nyama. Madamu ndi mapasa anakhala pa mipando, ine ndinaima pafupi ndi chitseko.

Mphunzitsi wawo anali mzungu wa imvi, wooneka wotopa ngati ine ndemwe. Anaika mapepala awiri patebulo moyandikana. Anati nkhani ziwirizi ndi imodzi, kuyambira mutu mpaka mpumiro womaliza, ndipo pa sukulu yawo mwana aliyense amayenera kulemba maganizo ake m'mawu akeake. Onse awiri apeza ziro. Kenako anavala magalasi nkuyamba kuwerenga mokweza: amalume anga ankadzuka ku Malawi, kukapalira ku Mozambique.

"Ndani mwa inu ali ndi amalume ku Mozambique?" anafunsa.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ana aja anakopera zonse, ndi thobwa lomwe, ndi mtengo wa mango womwe. Ana a Chiarabu, obadwira m'nyumba ya masitepe a miyala ya mabo, amalume awo akupalira chimanga ku Chiponde! Likanakhala tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa.

Koma mzunguyo sanathere pomwepo. Anavula magalasi nkunena kuti waphunzitsa mutu umenewu zaka zambiri, ndipo sanapezepo njira yabwino yofotokozera za malire aja kuposa ndime imeneyi. Anati amene anawauza anawa nkhaniyi ndi mphunzitsi weniweni, kungoti njira yake ndi yakale, ndipo akufuna kumudziwa.

"Anawathandiza ndani?" anafunsa madamu.

Mapasa anayang'ana mayi awo. Wofatsa uja anatembenuka pang'ono kuyang'ana kuchitseko.

"Palibe," anatero madamu. "Anazipeza pa intaneti."

Ndikudziwa chifukwa chake. Amayi a pa sukulu imeneyo amadziwana onse, ndipo pofika madzulo akanamva kuti ana a uje amaphunzitsidwa ndi wantchito wa m'nyumba. Mzungu uja anandiyang'ana kamodzi, ine ndi chikwama changa cha eni. Ndikanangonena mawu atatu okha, kuti ndi amalume anga. Anafika pamilomo penipeni. Koma kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumutsutsa pagulu. Ndinayang'ana pansi. Mpaka lero ndimadzikwiyira, kuposa mmene ndimawakwiyira madamu.

Mafomu a ntchito ya kusukulu ija ankatseka Lachinayi. Ndinadikira masiku awiri kuti mtima wa madamu utsike, ndipo Lachitatu m'mawa, ana atapita kusukulu, ndinawapeza pabalaza akumwa khofi. Ndinagwada monga timachitira kwathu. Ndinapepesa, ndinavomera kuti kulakwa kunali kwanga, kuti ndikanawerenga pepala la malangizo lija. Ndinawakumbutsanso kuti mphunzitsi uja ndi pakamwa pake ananena kuti ndimadziwa ntchito. Kenako ndinapempha kalata.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaika kapu pansi nkundiyang'ana ngati akundimvera chisoni.

"Ndilembe kuti chiyani?" anatero. "Kuti unaphunzitsa ana anga? Ndawauza kale kusukulu kuti palibe anawaphunzitsa."

Ndinakhala chogwada.

"Khalas, zatha," anatero. "Dzuka. Folo koloko kubwera mphunzitsi wa ku kampani. Ukonze patebulo paja, ndipo tiyi wake amamwa wopanda shuga."

"Chabwino, madamu," ndinatero.