Galimoto ya Atate ndi Azakhali Amene Kulibe

Tinanyamuka kwathu ku Malama Lachiwiri ma zero faifi, mu Okutobala, mwezi umene ngakhale abuluzi amayenda monyang'ama kuopa kupsa mapazi. Atate anavala jekete la kutchalitchi. Ine ndinali ndi mpata wokwanira, chifukwa kusukulu anali atandipumitsa sabata imodzi pa nkhani ya bilimankhwe amene anapezeka m'chikwama cha aphunzitsi a masamu. Mmene analoweramo sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti polowa anali wobiriwira.

"Mupite naye Enelesiyu," Amayi anauza Atate. "Akakuwerengerani Chingerezi cha m'mapepala. Komanso mukandisiyira pano anditenthera nyumba."

Tinkapita ku Chipata kukagula galimoto. Atate amagula nsomba zaziwisi kwa asodzi a m'Luangwa, kuziika m'bokosi la ayezi, n'kukagulitsa ku Mfuwe. Zaka zonsezi akhala akupalasa njinga. Ayeziyo amagulanso ku Mfuwe komweko, koma pofika naye kwa asodzi theka limakhala litasanduka madzi, ndipo tsopano bondo lakumanja lakana kupalasa. Choncho anasonkhanitsa za thonje la zaka zitatu, nagulitsa mbuzi zonse kupatula ziwiri, ndalamazo n'kuzimanga m'chiuno mkati mwa buluku. Mwayi unali umodzi basi. Tikagula chinthu choyenda chilimwe chokha, malonda a nsomba atha ndipo mbuzi zapitira pachabe, pajatu boma limatsegula usodzi mu Malichi, nthawi imene makande a kwathu, dothi lakuda lija, amameza chilichonse chokhala ndi matayala.

Tinakwera lole imene inabwera kudzatula simenti, makwacha eyite munthu mmodzi, kukhala pamwamba pa matumba opanda kanthu. Tisanafike patali tinapeza njovu zisanu zitaima pamsewu. Dalaivala anazimitsa injini n'kutulutsa mutu pawindo. "Khalani phee, eni msewu ali pa msonkhano." Msonkhanowo unatenga theka la ola.

Ku Mfuwe tinafika ma naini awazi, tili mbuu ngati otuluka m'chigayo. Tinamwa tiyi ndi zitumbuwa pamsika, kenako tinalowa minibasi ya ku Chipata, wani fifite aliyense. Kondakitala analumbira kuti watsala munthu mmodzi kuti tinyamuke. Munthu mmodziyo anabwera kasanu ndi kawiri.

Pambali panga panakhala bambo wa tayi amene mawondo ake ankaona ngati analipira mipando iwiri. Ndinapirira mpaka pa Masumba. Kenako ndinagogoda chigubu chathu cha madzi, chimene chinali chokutidwa ndi chitenje pamapazi anga, n'kunena mokweza pang'ono, "Atate, kang'ona kaja kayambanso kukanda chivundikiro."

"Ka chiyani?" anafunsa bamboyo.

"Kakang'ono, bambo, ka sayansi kusukulu. Sikaluma kwambiri."

Kuchokera pamenepo ndinakhala ngati mfumukazi. Atate anatseka maso ngati agona, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Pa Jumbe tinagula mazira owiritsa ndi masawu owuma kudzera pawindo. Titayamba kukwera mapiri, minibasi ikubuula ngati ng'ombe yodwala, Atate anandiyandikira n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ukudziwa, Ene, ndakankha magalimoto angati m'matope a kwathu? A azungu oona nyama, a boma, a andale ofuna mavoti. Ukakankha, iwo amangokweza dzanja pawindo, iwe n'kutsala ndi matope mpaka m'makutu. Ndikufuna tsiku limodzi ndikhale mkati ndine."

Ine mawu achipongwe ndili nawo ambiri, koma a mtundu umenewu ndilibe. Ndinangowasendera dzira langa.

Polowa m'Chipata, ma fotini awazi, ndinaona kumunsi kwa msewu anthu akuumba njerwa m'dambo, atapatutsa madzi a kamtsinje kuti afewetse dothi. Ndinangoona, monga mmene munthu amaonera zinthu pawindo.

Galimotoyo anali atatiuza asodzi kuti ili pa galaji ina kuseri kwa msika, kwa a Zulu, bambo a mimba yabwino ndi mafoni awiri. Inali pikapu yoyera, m'mbali mwake atalemba 4x4 ndi zilembo zazikulu kuposa mutu wanga. Matayala anali atawapaka polishi wa nsapato, ndinanunkhiza.

"Iyi, madala, matayala onse anayi amakoka," anatero a Zulu akumenya bonati. "Imakwera ngakhale mu mtengo. Mvula, dzuwa, kwa iyo n'chimodzimodzi."

Mapepala ndinawerenga, analibe vuto. Ndiye tinakwera kukaiyesa, a Zulu pa chiwongolero, Atate pambali pawo, ine nditapanikizika pakati. Tinayenda pa tala, wailesi ikuimba. Atate anatsitsa galasi, nalikweza, nalitsitsanso. Dzanja lawo linkasisita mpando ngati akusisita mwana wa mbuzi. Ndinadziwa kuti m'mtima agula kale.

"Nanga m'matope imayenda bwanji, ankolo?" ndinafunsa.

A Zulu anaseka mpaka mimba inagunda chiwongolero. "Kamtsikana iwe, matope mu Okutobala uwapeza kuti?"

Munthu usamandifunse funso lotere.

"Atate," ndinatero mwaulemu wonse, "ngati mwaikonda, bwanji tingopitiratu kwa azakhali tikatenge ndalama zija munasungitsa? Si pafupi pompa, kumunsi kwa msewu wa ku Mfuwe?"

Atate alibe mlongo. Anabadwa amuna okhaokha asanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona akuvutika: kunena kuti mwana wawo ndi wabodza pamaso pa mlendo sakanatha, kunena kuti ndalama zili m'chiuno mwawo momwemo, m'galimoto ya munthu wosamudziwa, sakanathanso.

"Ee," anatero potsiriza. "Azakhali ako."

A Zulu atamva mawu akuti ndalama anakhota osayatsa ndi indiketa yomwe. Ndinawalondolera bwinobwino mpaka kanjira kotsikira m'dambo muja. Pamene madzi a oumba njerwa ankadutsa panjira panali pakuda, ponyezimira, potalika ngati minibasi ziwiri. Anaponda buleki.

"Nyumba yake ndi ya malata iyo, kuseri kwa nthochi," ndinatero. "Koma ngati galimoto ikuopa, titha kungoyenda pansi."

Anakoka kagiya kakang'ono, napemerera moto, tinalowa. Tinayenda mikono itatu. Kenako vuuu, vuuu, matope kuuluka kumbuyo, ife tili pomwepo.

Atate anatsika. Anavula jekete n'kundipatsa, napinda buluku. Kwathu munthu sayamba kukankha asanagwade kuona kuti ndi matayala ati akugwira ntchito, chifukwa ukakankha mwaumbuli umangothandiza galimoto kudzikumbira manda. Anagwada ndi bondo lawo lowawalo. "Pondaninso," anauza a Zulu. Akumbuyo anazungulira ngati chigayo. Akutsogolo anali m'tulo tofa nato. Atate analowetsa mutu kunsi, nakhalako kanthawi.

"Chitsulo chopereka mphamvu kutsogolo mulibe," anatero potuluka. "Mwangotsala mabowo anayi, ndipo achita dzimbiri."

"Aa, chimenecho chili kugalaji, madala! Tinangochotsa kuti isamamwe mafuta!"

Oumba njerwa, amene anali atasiya zikombole n'kubwera kudzaonerera, anagwa nako kuseka. Wina anafuula, "Bwana, muisiye pompo, tiwotchere limodzi ndi njerwa!"

Ine ndinaseka nawo, kuseka kwenikweni, mpaka ndinayang'ana Atate. Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya. Anangoima m'matopemo, dzanja lili pa chitseko choyera chija, ngati munthu wotsanzika pa maliro. Kenako anapumira m'mwamba n'kuyamba kulamula: njerwa zosweka apa, nthambi apo, inu anayi kumbuyo, bwana musaponde kwambiri. Kwathu munthu samusiya m'matope, ngakhale amene amafuna kukudyera mbuzi zako. Atate nawonso anakankha, ndipo itatuluka matope anali mpaka m'makutu.

A Zulu anatulutsa mutu pawindo. "Nanga azakhaliwo ali kuti?"

"Anasamuka, ankolo," ndinayankha.

Tinabwerera m'tauni wapansi. Tinagona kwa msuweni wa Atate, ndipo mpaka m'mawa pa tiyi sanandilankhule. Kulapa sindinalape, musandinamizire. Koma buledi wanga ndinamusiya m'mbale.

Ma eyiti awazi anangoti, "Tiye." Tinalowa m'sitolo ya njinga zamoto, mogulitsa mayi wina wa magalasi, a Tembo. Anayamba kutiuza za liwiro ndi za mafuta, koma Atate anapita pa ina ya matayala a mano, yotalika miyendo, n'kugwira kutsogolo. "Ene, gwira kumbuyo." Tinainyamula. Inalemera, koma inadzuka.

"Ilowa m'bwato," Atate anadziuza okha.

Mayi Tembo anawomba m'manja. "Ndinu a kuchigwa, eti? Anthu a kumtunda kuno amafunsa kuti imathamanga bwanji. Inu nonse mukabwera mumayamba mwainyamula!"

"Mitsinje ikadzaza, mayi, chimene sichilowa m'bwato chimadikira mpaka Meyi," anatero Atate. Aka kanali koyamba kulankhula chiganizo chachitali chichokereni m'dambo muja.

Mapepala ndinawerenganso ine. Tinagula ndi zipewa ziwiri zolimba, ndipo wowotcherera zitsulo wa pafupi anatipangira keliyala yotakata yokwana bokosi latsopano la ayezi. Atate anaphunzira kale kuyendetsa pa njinga ya alangizi a thonje, komabe kuchoka pakhomo pa sitolo inazima katatu, anyamata a pamsika akuwerenga mokweza. Ulendo wachinayi tinapita, ine nditapanikizika pakati pa msana wa Atate ndi bokosi.

Kutsika mapiri, mphepo inayamba kutentha ngati mpweya wa mu uvuni, ndipo ndinadziwa kuti tikuyandikira kwathu. Ku Mfuwe tinathira mafuta a handiredi kwacha, tinagula zibuma ziwiri za ayezi, n'kulowa msewu wafumbi ma fifitini awazi. Apa m'pamene njingayo inaonetsa khalidwe: m'maenje inkangodumpha, pa mizu ya mitsanya inkakwera, ndipo pamene panagwa mtengo tinangolambalala m'tchire.

Koma pa mtsinje wouma wa pafupi ndi kwathu, mchenga wake wofewa ngati ufa, nayo inatitimira mpaka pakati pa tayala. Inalira, inalira, n'kuzima. Panalibe munthu, mbalame zokha. Atate anatsika. Mwachizolowezi anayamba kupinda buluku ndi kuyang'ana uku ndi uku kufuna nthambi ndi anthu oti awaitane. Kenako anaima, nandiyang'ana. Tinatsitsa bokosi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo, wani, thuu, hii! Mdala wa bondo limodzi ndi mtsikana wa giledi leveni, tinaiwolotsa tokha, kupumira kawiri panjira.

Kutsidya Atate anakhala pansi, navula chipewa, thukuta lili chuchuchu. Anayamba kuseka pang'onopang'ono, kenako kwambiri, mpaka kutsokomola.

"Mkati sindinakhale," anatero akupukuta maso, "koma pamwamba ndakhala."

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti kwathu kulibe galimoto yosatitimira. Zonse zimatitimira, za zilembo zazikulu ndi zopanda zilembo. Yodalirika ndi imene ikatitimira umatha kuitulutsa ndi anthu amene uli nawo. Ndinaphunziranso kuti wogula galimoto chilimwe ayenera kuyenda ndi matope ake, ndipo akalephera, ayende ndi ine.

Tinamangiriranso bokosi. Nyumba za kwathu zinkaoneka kale pakati pa mitengo, ndipo ana anali atamva kulira kwa injini n'kuyamba kuthamanga. Atate asanalize, anatembenuka.

"Iwe Ene. Bodza ndi tchimo, ukumva?"

"Ndamva, Atate."

"Lamulungu ukalape." Anavala chipewa, namanga lamba wake pansi pa chibwano mosafulumira. "Koma ukadzakumana nawo azakhali akowo, uwauze kuti mlongo wawo akuthokoza."