Mwana wa Adona

Famu ya ku Odzi imene ndinabadwirako itagawidwa, ntchito ya fodya inatha ndipo tinachoka kukomboni. Bambo anali atamwalira kale. Ine ndi amayi tinakafikira kwa azakhali kutauni, ku Sakubva, ndipo posakhalitsa amayi anapeza ntchito yolera mwana kumayadi, kwa adona ena a mu ofesi ku Paulington. Ankagona konko. Kwathu ankabwera Lamlungu lokha, akununkhira sopo wachilendo, nkhani zawo zonse zili za kamtsikana ka adonako. Kamera mano. Kayamba kuyenda. Ine dzino linandiguluka Lachitatu, amene analiona ndi azakhali.

Malipiro ankalandirira m'manja, ndalama zochoka m'chikwama cha adona, popanda cholemba. Zinali zaka zija ndalama zinkasungunuka ngati mchere m'madzi, moti pofika ku Sakubva zinkangokwanira ufa ndi mafuta pang'ono. Azakhali ankakalipa.

"Alamu, boma linaika malipiro a antchito a m'nyumba. Zimene akukupatsanizi sizikufika n'komwe. Kafunseni."

Amayi anakafunsadi. Adona anawayankha kuti amadya konko, amagona konko, ndipo akazi ochoka m'mafamu ofuna ntchitoyo ndi ambirimbiri pageti. Kenaka anawapatsa thumba la zovala zakale, ati za mwana wanu.

"Ndiye musiye ntchitoyo," anatero azakhali.

"Nanga mwana uja? Sadya ndikapanda kumudyetsa ine."

Ndinali pansi ndikusenda mtedza. Mawu amenewo anandilowa ngati munga.

Tsiku lina azakhali anapita kumaliro ku Burma Valley, ndiye amayi ananditenga kuntchito. Kamwanako katangowaona kanathamanga, manja m'mwamba, kakufuula Chichewa chathu chenicheni cha kukomboni: "Amama, ndiberekeni!" M'nyumbamo makolo ake ankalankhula Chishona ndi Chingelezi basi. Amayi anawerama n'kukabereka, nsalu imene ankandiberekera ine kale n'kuimangira pachifuwa. Kanandisuzumira paphewa pawo, chala kukamwa.

Masana amayi anandiuza kuti ndikayang'anire iwo akuchapa. Kanandibweretsera chidole, ine ndinayang'ana kumbali. Kanabweretsa china. Kenaka kanangokhala pamiyendo panga n'kugona, kofunda, kolemera, mutu ukununkhira mafuta amene ndinkawamva m'manja mwa amayi. Ndinkafunitsitsa kudana nako, koma sikanandipatse mpata. Ndinangokhala chowuma mpaka mwendo unachita dzanzi.

Pobwerera m'kombi, minibasi ya kumeneko, ndinafunsa kuti, "Amayi, mumakonda ndani kwambiri?"

"Iwe, usandifunse zopusa. Ndimapita kumeneko chifukwa cha yani?"

Anandikokera pafupi, koma dzina langa sanalitchule.

Zinthu zitafika poipa, m'masitolo mulibe ndi buledi yemwe, banja la adona lija linasamukira ku Joni. Adona anasiyira amayi ketulo ndi bulangete. Malipiro a mwezi womaliza anati adzatumiza, ndipo sanatumize. Amayi anabwera ku Sakubva maso ali psuu, osadandaula za ndalamazo ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Kaya akamudyetsa ndani kumeneko."

Ine mtima unali mbee. Masabata amenewo amayi anandiluka tsitsi, anandiperekeza kusukulu, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono dala kuti anzanga awaone. Mwezi usanathe, mayi wina wa kutchalitchi anabwera kudzanena kuti ku Dangamvura kuli namwino amene wangobereka mapasa ndipo akufuna munthu wodziwa ana. Amayi anayamba Lolemba.