Galimoto Yoyera pa Maliro a Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa ndinagona chokhala pa benchi kunja kwa siwa, ku Salisbury Lines. Amayi anali atachezera kuimba m'nyumba, koma pofika nthawi imeneyo mawu anali atawathera. Kunja kunali chifunga ndi kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, kamene sikagwa kwenikweni koma kamakunyowetsa mpaka m'kati. Kuseri kwa nyumba moto unali utayatsidwa kale. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangozungulira pabwalo, ndipo aliyense maso anali psuu, olira ndi osalira omwe.

Tinkaika alamu anga, amuna a mlongo wanga. Anali mphunzitsi. Tsiku lina anthu ena anabwera kudzawatenga pakhomo, ndipo masiku a chipani chimodzi amenewo munthu akatengedwa sunkafunsa kuti apita naye kuti. Anabwerera patapita zaka ali mafupa okhaokha, akutsokomola, osanena kalikonse za kumene anali. Sanakhalitse. Tinafuna kukawaika kumudzi kwawo, koma uthenga unabwera wakuti mtembo usatuluke m'tauni. Nanga tikanatani? Tinati chabwino.

Ine ndisaname, ndine munthu wamantha. Ndinkagwira ukalaliki mu ofesi ya boma, ndinali ndi ana aang'ono, ndipo mnzanga wina kuntchito anandinong'oneza kuti maliro amenewo ndingokapepesa n'kubwerako. Koma mlongo wako ungamusiye yekha? Kwathu ku Ntcheu n'kutali, wachibale wake pafupi ndinali ine ndekha.

Ndinali ndi galimoto yoyera, yakale, imene ndinagula pa okishoni ya magalimoto otha ntchito a boma. Pamaliro galimoto sikhala ya mwini wake. Uyu akufuna kukatenga nkhuni, uyo abusa, wina kukalandira achibale kudepoti. Nditatopa nako kuitanidwa, ndinangoiimika pamsewu pansi pa mtengo wa bulugamu, kiyi n'kusiya momwemo kuti wodziwa kuyendetsa azingotenga.

Kutacha anthu anayamba kufika, ndipo anandidabwitsa chifukwa ndinkayesa kuti aopa. Anabwera aphunzitsi anzawo, amayi amumsika, ndi anthu amene anawaphunzitsa ali ana koma tsopano ali ndi ndevu. Ankafika matope ali m'akakolo, kupereka moni chapansipansi, "Pepani chomene," n'kukhala. Panalibe wotchula chimene chinadwalitsa malemu. Kenako ndinaona amuna awiri ataima kutali ndi mpanda, atavala majekete abwino. Sanalowe pasiwa, sanapepese munthu, tiyi anakana. Aliyense anawaona, ndipo aliyense anachita ngati sanawaone.

Mapemphero atatha, bokosi analikweza pa lole. Mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo anandikodola.

"Adada, namfedwa akwere galimoto yanu. Muzitsatira lole."

Ndinathamangira kumsewu mvula ili m'maso. Galimoto yoyera inali pansi pa bulugamu, chitseko chosakiya, kiyi ali pamalo pake. Ndinalowa, ndinailiza, ndinaibweza mpaka pachipata. Ndinatsika n'kutsegulira mlongo wanga chitseko chakumbuyo. Analowa pamodzi ndi apongozi ake ndi mayi wina wa mpingo womugwirizira. Amuna ena anamangirira nthambi kutsogolo, monga timachitira kuti anthu adziwe kuti ndi maliro, ndipo tinanyamuka.

Lole inkayenda ngati munthu wapansi, ine pambuyo pake, anthu mbali zonse akuimba, ena atagwira galimoto ndi manja. Choyamba ndinamva fungo la fodya. Ine sindisuta, koma ndinati mwina ndi amene anakatenga nkhuni. Kenako giya inalowa mofewa, chikhalirecho yanga ndinkachita kulimbana nayo. Ndinati mwina lero yangondimvera chisoni.

Apongozi a mlongo wanga anapempha mphepo. Mayi wa mpingo uja anapapasa chitseko, anapapasanso.

"Adada, chotsegulira windo chili kuti? Kuno kulibe chogwira chilichonse, ngakhale cha chitseko."

Ndisanayankhe, pansi pa dashibodi china chake chinayamba kusokosa. Kenako munatuluka mawu a mwamuna akuitana nambala m'Chingerezi, n'kudikira yankho. Galimoto yanga inalibe ngakhale wailesi ya nyimbo.

"Achimwene," mlongo wanga anatero, mawu ali pansi, "galimoto iyi si yanu. Musaime."

Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, ndipo pakati pa mitu ya anthu ndinawaona amuna awiri aja akuyenda pansi, nsapato zawo zabwino zitatheratu ndi matope. Sankaimba. Maso awo anali pa ine. Apo m'pamene ndinamvetsa zonse. Yanga wina anali ataitenga, iwo n'kudzaimika yawo pamalo omwewo. Anthu amenewo sankakiya galimoto, nanga ndani akanaigwira? Chitsiru choyamba kuigwira m'dziko muno ndinali ine.

Kuima sikukanatheka. Kutsogolo kunali bokosi, kumbuyo anthu, ndipo ulendo wakumanda sudukizidwa. Kutsitsa namfedwa pakati pa njira kukanakhala kuuza gulu lonse kuti wakwera galimoto ya ndani. Ndinangogwira chiwongolero, manja akuterera ndi thukuta m'kuzizira konseko. Ndinkadziwa zimene adzanene: kuti ndaba galimoto yawo, kuti ndamvetsera mauthenga awo, kuti ndachita dala kuwayendetsa m'matope anthu akuona. Anthu ankasowa pa nkhani zochepera pamenepo. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganiza za chifuwa chija cha alamu anga. Wailesi inaitananso. Amayi aja kumbuyo anayamba kuimba mokweza kuti oyenda pafupi ndi galimoto asaimve.

Tinafika kumanda adzukulu atamaliza kukumba, dothi lofiira lili mulu pambali. Chifunga chinali chitaphimba nkhalango ya Kaning'ina yonse. Ndinatsika, ndinatsegulira amayi ndili kunja, kiyi n'kumusiya pamene ndinamupeza. Ndinakaima pafupi penipeni ndi dzenje, osati chifukwa cha chikondi ayi, koma ndinaganiza kuti pamenepo sangandigwire. Ulaliki sindinaumve. Bokosi linatsika, dothi linagwa, nkhata zinaikidwa, ine ndikungomva kuti kumbuyo kwanga kuli maso.

Ndiye inafika nthawi yothokoza. Mukudziwa kuti pamaliro aliyense amene wathandiza amatchulidwa. Mkulu wa mpingo uja anathokoza adzukulu, amayi ophika ndi mwini lole. Ndinaona mayi amene anali m'galimoto uja akumunong'oneza. Mkuluyo anagwedeza mutu, anakonza kukhosi.

"Tithokozenso eni galimoto yoyera imene yanyamula namfedwa. Ndamva kuti si ya alamu a malemu. Eni ake ali pompano, akweze dzanja tiwaone."

Mpaka lero sindidziwa ngati bambo ameneyo analankhula mosadziwa kapena ankadziwa bwino chimene akuchita. Anthu anatembenuka pang'onopang'ono. Wamkulu mwa amuna awiri aja anayang'ana mnzake, anayang'ana pansi, kenako anakweza dzanja kulekeza paphewa.

"Yewo chomene, adada," anatero mkulu wa mpingo.

Gulu linavomera, yewo, yewo, amayi akuomba m'manja mofatsa.

Anthu akubalalika, mwamunayo anandipeza. Anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa galimoto yake. Ndinati basi, zanga zada, ana anga aleredwa ndi ena. Anayesa kuyatsa ndudu, machesi anathyoka. Anayesanso, kabokosi konse ka machesi kanagwera m'matope.

"Bambo, galimoto iyi lero kumanda sinabwere. Simunaikwere, simunaione. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Aliyense akakufunsani. Ngakhale akuntchito kwanga."

"Ndamva, bwana."

Anazula nthambi zija kutsogolo, anazitaya kutchire, ndipo ananyamuka ndi mnzakeyo matayala akumwaza matope. Ndinazindikira kuti nayenso anali ndi amene ankawaopa. Anamutuma kudzaona amene abwera pamaliro, iye n'kuthokozedwa pamaso pa anthu onse kuti wanyamula mkazi wa malemu. Koma zimenezo sizinandichotse mantha, chifukwa mawa lake akanatha kuganiza kuti njira yabwino yonditsekera pakamwa ndi kundichotsa pamaso pa anthu.

Tinabwerera pa lole. Madzulo anthu anabalalika, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi, moto wakuseri unazima. M'nyumba tinatsala ochepa. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko, jekete osavula, nsapato osavula, kuti akabwera asanditenge ndili wosavala. Galimoto ikamadutsa kumsewu ndinkasiya kupuma mpaka phokoso lake litapitirira.

Mlongo wanga anali pamphasa atatsamira khoma, maso ali gwa. Ndinasendera pafupi.

"Achemwali, munadziwa bwanji kuti si yanga?"



"Mpando wakumbuyo uli ndi chigamba chakuda chakumanzere," anatero. "Ndinachiona tsiku limene anabwera kudzawatenga. Ndinagwada m'matope kupempha kuti ndikwere nawo, ndikangoona kumene akupita nawo. Anandikankha."

Anakoka chitenje n'kuphimba mapazi ake.

"Lero ndakwera."