Chitenge cha Amai pa Wansembe wa Simenti

Ndinasiya sukulu ndili giredi teni, ndipo chifukwa chake si nkhani yanu. Chimene ndinatsala nacho ndi foni yong'aluka galasi imene msuweni wanga anatopa nayo, komanso chulu cha kuseri kwa nyumba yathu pamene netiweki imagwira. Masana ndinkasankha matimati pa famu ina m'mbali mwa msewu wa ku Kasisi. Ndikaweruka ndinkakwera pachulu paja n'kumaseweretsa zithunzi: kuchotsa munthu apa, kumuika apo, kuveka mbuzi magalasi.

Ndinali m'gulu lina la pa foni la achinyamata okonda zomwezi. Ambiri anali a ku Lusaka, ana a m'nyumba za mageti, amene magetsi akazima amadandaula ngati kwagwa maliro. Sabata iliyonse ankaponya mpikisano. Wopambana sankalandira kanthu kupatula timitima tofiira pansi pa chithunzi chake, koma tinkalimbirana ngati ndi munda. Sabata ina anati aliyense ajambule chiboliboli chakale cha kwawo, achiveke za masiku ano. A m'tauni onse anathamangira chiboliboli chotchuka cha mu Lusaka, cha munthu wodula maunyolo. Wina anamuveka suti, wina mahedifoni, palibe chachilendo. Mmodzi anandilembera pagulu kuti, "Iwe mkazi wa ku Chongwe, tuma chabe chulu, tizakumvelela chifundo."

Sankadziwa kuti nafe tili ndi chathu. Pa tchalitchi chathu chaching'ono pali wansembe wa simenti, mzungu wandevu amene akuti anabwera pa njinga kalekale kudzayambitsa mpingo kuno. Anamuimika pa nsanja ya njerwa, dzanja limodzi lili m'mwamba kudalitsa anthu, ndipo anamutchingira mpanda wa waya wokhala ndi loko chifukwa cha mbuzi ndi ana. Kiyi ya lokoyo inkakhala ndi amai anga, pa chingwe m'khosi. Loweruka lililonse, kuyambira ndili kumsana, ankamusambitsa ndi sopo ndi burashi. Amai sanasankhidwepo pa mpando uliwonse. Ku kwaya anawabweza, kuwerenga kutsogolo sangathe. Kiyi ija ndiyo inali ulemu wawo wonse pa mpingo.

Loweruka limenelo ndinadzipereka kuwanyamulira ndowa.

"Wadwala?" anandifunsa.

"Nifuna chabe kukuthandizani."

"Mm. Mvula izagwa lelo."

Iwo akutsuka burashi, ine ndinalowa mumpanda n'kujambula katatu.

Ntchitoyo inanditengera masiku atatu pachulu. Dzanja lodalitsa lija ndinalisandutsa logwirizira beseni la matimati pamutu. Ndinamumanga duku, ndevu n'kuzisiya. Chinavuta ndi chitenge, chifukwa nsalu zopezeka mu foni zimaoneka ngati pulasitiki. Ndinatsika pachulu, ndinajambula chimene chinali pa chingwe choyanikira, n'kumukulunga nacho m'chiuno. Chinali chitenge cha amai chobiriwira cha nkhanga, chimene amavala Lamlungu lililonse. Sindinaganize kawiri. Ndinakonza makwinya, ndinaika mthunzi pansi pa mfundo, ndinadetsa m'mphepete ndi fumbi lofiira. Palibe mphunzitsi amene anandiuzapo kuti ndili ndi luso pa chilichonse, koma chithunzi chija chinali chabwino, ndipo sindidzanama kuti chinali choipa.

Ndinapambana. Uja anandinyoza za chulu analemba kuti, "Ba Fada, nipaseniko matimati ya mbasela." Ndinaseka mpaka misozi.

Pofika Lachinayi, chithunzicho chinali chitadutsa m'mafoni angapo n'kukagwera pa gulu la azimayi a mpingo wathu. Ndinamva kwa mnzanga wa ku famu, koma sindinawauze amai. Ndinkati munthu aliyense wa maso awiri aona kuti ndi masewera. Amai foni yawo ndi ya mabatani, sanaone kalikonse.

Lamlungu mapemphero atatha, wapampando wa mpingo anati akuluakulu atsale, ndi amai anga omwe. Anthu ena onse anatsalanso, poti nkhani yokoma sasiyira akuluakulu okha. Tinakhala pansi pa mtengo, pafupi ndi mpanda uja. Wapampandoyo ndi bambo wa mimba yaikulu amene amavala jekete ngakhale mu Okutobala. Mkazi wake ndiye anagwira foni, n'kuifikitsa pamphuno pa amai.

"Amake mwana, ichi chitenge ni cha ndani?" anafunsa mayiyo.

Amai anayang'ana chithunzi, anayang'ana m'chiuno mwawo. Anali atavala chomwecho.

"Ni changa."

"Na kiyi isunga ndani?"

"Ni ine."

"Manje tikambe chani? Ba Fada mwabasandusa ba maketi!"

Wina kumbuyo anaphulika kuseka n'kusandutsa chifuwa. Amai anapukusa mutu. Anati sanachitepo zimenezo, analoza wansembe uja ali mbuu ndi simenti yake, wopanda duku. Mkazi wa wapampando anati n'zoona, munthu akaba savala zakubazo pa msewu, anamuvula atamaliza kujambula. Mayi ameneyu kiyi ija ankaifuna kuyambira kale, aliyense ankadziwa.

Ndinaimirira. "Ni ine ninachita. Pa foni. Palibe anagwila Ba Fada."

"Nkhala pansi iwe," anatero wapampando. "Ufuna kubisa amai ako."

"Nakuuzani ni foni."

"Foni ili na manja?" anafunsa mkazi wake. "Onani mfundo iyi. Iyi ni mfundo ya mzimai, yomanga na manja. Ise tinayamba kumanga vitenge iwe usanabadwe."

Azimayi anavomereza ndi mitu. Anapatsirana foni, akukuza chithunzi ndi zala, akuloza makwinya amene ndinawavutikira masiku atatu. Mmodzi anati ngakhale fumbi likuoneka. Aka kanali koyamba kuti anthu a kwathu ayamikire ntchito yanga, ndipo ankaiyamikira pofuna kupachika nayo amai anga.

Apa ndi pamene ndikanagwira mtima. Ndikanajambula mtengo, kapena benchi, n'kuliveka chitenge iwo akuona. Koma wapampando anawonjezera kuti, "Mwana analephela sukulu angapange vinthu monga ivi?"

Ndinakweza foni n'kumujambula iyeyo.

Chitenge ndinali nacho kale chodula bwino, duku ndi beseni zomwe. Sizinatenge nthawi. Achinyamata anaunjikana kumbuyo kwanga akuona chala changa chikukoka nsalu kuzungulira mimba ija. Nditamaliza ndinapatsa mkazi wake.

"Iyi mfundo nayo ni amai anamanga?"

Foni inayenda bwalo lonse. Azimayi a kwaya anagwirana mapewa. Mkulu wina wopanda mano anaseka mpaka ndodo inagwa, akuti, "Ba cheyamani, yakuwamilani!" Wapampando anayang'ana chithunzi chake nthawi yaitali, thukuta likutsikira m'kolala.

Atalankhula, mawu ake anali ofatsa. Anati tsopano zaoneka kuti amai sanaveke chiboliboli, ndipo mpingo ukuwapepesa. Kenaka anafunsa kuti mwanayu anajambula ataima pati, poti pa chithunzi waya sakuoneka.

"Mukati," anayankha amai, maso ali pansi.

"Anamusegulila ndani?"

Panalibenso woseka. Wapampando anati kiyi ya malo oyera singakhale m'nyumba imene muli foni yotere. Amai anavula chingwe chija m'khosi, chinakola pa duku, anachikoka, n'kuchipereka ndi manja awiri atagwada pang'ono. Mkazi wa wapampando anachilandira ndi dzanja limodzi.

Pobwerera sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Chitenge cha nkhanga anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo Loweruka lotsatira anakhala pakhonde akutongola chimanga chimene sichinkafunika kutongola.

Mwini kiyi watsopano anasambitsa wansembe uja kawiri, basi. Kenaka anayamba kudandaula msana. Patatha miyezi iwiri mbalame zinali zitamupaka mutu ndi mapewa, ndere zikukwera m'miyendo. Amai ankadutsa pa mpanda paja Lamlungu osatembenuka, koma ndinkaona khosi lawo likuuma.

Tsiku lina ndikuweruka ndinawapeza ataima pansi pa chulu changa.

"Iwe wa manja mu foni. Unamuona mwamene alili?"

"Ninaona."

"Musambike."

Mawa lake ndinakajambula kudzera pa waya. Ndinachotsa wayayo, zitosi, ndere, ndinayeretsa ndevu ndi mkanjo mpaka simenti inawala. Ndinawapatsa foni madzulo akuchokera kudimba. Anapukuta manja pa siketi, anaigwira patali ndi maso, anayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kumbuyo kwa khutu wasiyako," anatero, n'kundibwezera. "Pamene apo ndiye pamankhala dothi. Bwezapo."