A Kapitawo ndi Polishi Wawo

Kumapeto kwa mudzi kuli nyumba yaitali yamalata imene bungwe lina linamangira nkhalamba zosowa ozisamala. Woyang'anira wake ndi bambo amene onse amangowatchula kuti a Kapitawo. Unyamata wawo wonse unathera m'makonde a hotela ya m'tauni akukolopa, ndipo kumeneko anaphunzirako chinthu chimodzi chokha: kuti mlendo akalowa amayamba ndi kuyang'ana pansi. Za nkhalamba sankadziwa kanthu, kapena tinene kuti sanafune kudziwa.

M'mawa uliwonse ankagwada m'khonde lopita kubafa n'kupaka polishi wofiira, kukhula mpaka kudziona nkhope pa simenti. Akatero ankaimirira atagwira m'chiuno, n'kumadzimva ngati munthu amene wachiritsa wodwala.

A Telala, a m'chipinda chakumapeto, anabwera pamalopo akuyenda okha ndi ndodo. Adokotala anali atawachenjeza kuti akadzangosiya kuyenda, mawondo adzauma. Koma ndodoyo inkaterereka pa polishi, ndipo atagwa kamodzi anayamba kuliopa khondelo.

"Kodi a Kapitawo, pansipa mukufuna tizidyerapo kapena tiziyendapo?" anafunsa a Telala.

"Agogo, vuto ndi kayendedwe kanu. Muzinyamula mapazi, osati kukhwekhwereza ngati mukukoka thumba."

Masana ena mayi wophika anawaza mchenga m'khonde monse. A Telala anayenda kukafika kubafa n'kubwerera, kenaka anapitanso popanda chifukwa, akuseka okha. A Kapitawo atafika anachita ngati apeza maliro.

"Mayi, kuno si kudambo."

"Kudamboko anthu amayendako, bambo," anayankha mayiyo. "Kapena galasi lanuli ndi limene lili ndi nyamakazi?"

A Kapitawo anasesa mchengawo, n'kupaka polishi kawiri kuti simenti iiwale chipongwecho. Kuyambira pamenepo a Telala ankangokhala pabedi, ndowa ili pansi pake. Mvula isanathe, miyendo inali itapindika ngati ya mpando.

Akuluakulu a bungwe atamva, anabwera ndi njinga ya olumala. Anayamba ndi kuyamikira pansi, monga mmene a Kapitawo ankayembekezera. Pojambula chithunzi, a Kapitawo ndi amene anagwira zogwirira za njingayo, mutu ataupendeketsa mwachifundo, dzanja lina lili paphewa pa a Telala. Alendo atangochoka, a Kapitawo anaona mizere iwiri yakuda imene matayala anasiya m'khonde. Njingayo anakaitsekera m'sitolo, pamodzi ndi matsache, akuti kuti isawonongeke msanga.

A Kapitawo akadalipo, mawondo a buluku lawo ali ofiira ndi polishi. Mlendo aliyense amamuuza monyadira kuti m'khonde lawo simugwanso munthu. Apa sanama ayi. Simuyendanso munthu.