Fungo la Nsomba kwa a Demchuk

Darlene Hrynkiw wakhala akukonza makompyuta m'tauni mwathu muno kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, m'kachipinda kakuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo anthu amamuopa pang'ono. Kale ankakwera mapolo a telefoni, mpaka bondo linakana. Sakhulupirira zonena za mwini kompyuta. Ukamuuza kuti sunagwire chilichonse, amangokuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutsegula bokosilo, n'kulinunkhiza. Ee, kulinunkhiza! Ndipo usayerekeze kumufulumizitsa, akubwezera katundu wako pompo.

Mu Januwale chaka chatha, kompyuta ya a Wasyl Demchuk inabwera kwa iye kawiri. A Demchuk anali mlimi wa tirigu wopuma, wa zaka 81, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakhala okha pafamu kunja kwa tauni. Pakompyutapo ankaonera zanyengo, mitengo ya tirigu amene sankalimanso, ndi nkhope za adzukulu awo Lamlungu. Dandaulo lawo linali limodzi: imazima yokha n'kuyakanso yokha, ilibe nthawi.

Ulendo woyamba Darlene anapukuta fumbi n'kusintha fani. Ulendo wachiwiri anasintha kabokosi kogawa magetsi, anayeza zam'kati chimodzichimodzi, n'kuisiya yoyaka masiku anayi. Sinaphethire n'komwe. Zimenezi zinamukwiyitsa, chifukwa makina osonyeza ulemu m'shopu n'kumakachita mwano kwawo iye amadana nawo kwambiri.

Tsiku lachinayilo, Lorraine, mwana wa a Demchuk, anaimba foni ali kumzinda wa Saskatoon.

"Asisi, ndiuzeni zoona. Vuto ndi makina, kapena ndi adadi?"

"Makinawa pano akuyenda bwino," anatero Darlene.

Lorraine anausa moyo. "Ndinadziwa ine. Ndiye kuti amazimitsa okha n'kuiwala. Ayamba kuyankhula zosamveka, asisi. Akuti magetsi m'nyumba amapuma ngati munthu. Akuti pabalaza pamanunkha nsomba, chonsecho nsomba sanaphikepo chimwalirireni amayi. Kunyumba yosungirako okalamba kwapezeka malo, akufuna yankho Lachisanu. Ngati makina ali bwino, ndisayina basi."

Darlene mtima unamugunda, osati chifukwa cha kusayinako ayi, koma nsombazo. Sanadikire kuti kuche mawa. Ananyamula kompyuta ija, n'kuiika pampando wa galimoto, n'kuimanga lamba.

Kunja kunkazizira madigiri 31 pansi pa ziro, msewu uli mbee ndi chipale chofewa. Anawapeza a Demchuk ataima pakhomo, atavala majuzi awiri.

"Adokotala abwera okha lero! Wodwala wachira?"

"Wodwala alibe matenda, bambo. Ndabwera kudzaona kumene amagona."

"Lorraine wakutuma eti? Udzaone ngati nkhalamba yazungulira mutu?"

"Ine sinditumidwa. Ikani khofi."

Analumikiza kompyuta pamalo ake a masiku onse, pakona ya pabalaza, n'kukhala pansi ndi kope ndi pensulo. Umu ndi momwe amagwirira ntchito: amadikira, n'kumalemba chilichonse chimene chachitika m'nyumba, ngakhale kutsokomola. A Demchuk anamuwotchera perogi zisanu, timitanda ta ufa tokhala ndi mbatata m'kati, ndi anyezi. Mphindi makumi anayi zinatha popanda kanthu, ndipo mkuluyo anayamba kuchita manyazi, akuyang'ana galasi la kompyuta mochonderera kuti lichite zake zija pamaso pa mboni.

Kenaka anadzuka kukatsuka mbale. Atangotsegula mpopi, pansi pa nyumba panamveka kuti gu, pampu ya pachitsime ikuyamba. Babu la padenga linafooka, n'kuwalanso mopitirira. Galasi la kompyuta linada bii.

"Waona! Waona! Ndimanama ine?"

Darlene analemba m'kope. Anadikira kuti kompyuta iyake, n'kuwauza kuti atsegulenso madzi. Gu. Yazima. Anagwada ndi bondo lake lovutalo, n'kuika chikhatho pakhoma pamwamba pa soketi. Khoma lakunja, m'nyengo yotere, linali lofunda ngati mphumi ya mwana wodwala malungo. Anayandikiza mphuno. Fungo lija analidziwa kuyambira kumapolo: pulasitiki wa mawaya akamapsa pang'onopang'ono amanunkha nsomba yovunda.

"Mafyuzi ali kuti?"

"Aa, kumeneko kulibe vuto," anatero a Demchuk mofulumira kwambiri.

Anatsika onse kuchipinda chapansi. Darlene atatsegula bokosi la mafyuzi, tsitsi linamuima. Pamene panayenera kukhala fyuzi yaikulu panali kachidutswa ka paipi ya kopa, kodulidwa bwinobwino ndi sowo. Thabwa lakuseri kwa bokosi linali litada mpaka m'mwamba, ndipo mukakhala chete munkamva kaphokoso m'katimo, ngati mafuta akuyamba kutentha m'poto.

"Bambo inu! Ichi n'chiyani?"

"Inkangopsapsa fyuziyo. Nthawi yokolola, ndithamangire kutauni chifukwa cha kafyuzi? Aliyense kuno ankatero. Bambo ako omwe ankatero, ukawafunse kumanda."

"Chakhala zaka zingati?"

Anakanda kumutu. "Mkazi wanga Olga anali moyo. Mawayawa ndinakoka ndekha mu 1974, ndipo sanandivutepo."

Alimi athu ndi choncho, ndipo zimandipsetsa mtima. Chinthu choikidwa kuti chipse m'malo mwa nyumba, iwo amachiona ngati chikuwachedwetsa ntchito.

Darlene anawauza mosabisa. Mutu wawo unali bwino. Zonse zimene ananena zinali zoona, magetsi opuma aja ndi nsomba zomwe. Koma mawaya onse m'makoma ankafunika kuchotsedwa, ndipo nyumbayo ikanatha kuyaka lero, mawa, kapena iwo ali pakama.

A Demchuk anakhala pa sitepe. Chimwemwe chija chinathera pomwepo.

"Mwanangu, tamvera. Umuuze Lorraine kuti inali kompyuta, wakonza. Ndisiya kutsegula madzi ikayaka. Pofika Epulo ndiitana wamagetsi. Ukamuuza za paipiyi, anena kuti ndi umboni wakuti sindingakhale ndekha. Ndikatuluka muno sandibwezanso, ukudziwa iwe."

Ankadziwadi, ndipo zinamupweteka. Anali atabwera kudzawapulumutsa ku pepala la Lachisanu lija. Bodza lake linali la mawu atatu okha, ndipo Lorraine akanalikhulupirira, chifukwa m'tauni muno palibe amene amatsutsana ndi Darlene pa za makina. Anayang'ana mkuluyo, anayang'ana thabwa lakuda lija. M'bokosi munathetheka kawiri.

Anagwira chogwirira cha swichi yaikulu n'kuchikokera pansi.

Zonse zinaima. Pampu, firiji, ndi chotenthetsera nyumba chimene chinkalira chiyambire Okutobala. Kunangotsala kuwala kwa pakawindo, ndi kuzizira kumene kunayamba kale kulowa m'mapazi.

"Mugona kwathu lero," anatero Darlene. "Lorraine ndimuimbira ndine. Ndimuuza kuti simunaname ngakhale chimodzi."

A Demchuk sanamutukwane, ndipo bola akanatero. Anadzuka, n'kutenga sipanala ndi ndowa pakhoma.

"Mukutani, bambo? Tiyeni mukatenge jekete."

"Mapaipi," anatero. "Nyumba yosiyidwa timaichotsa madzi, angaphulike madziwo akaundana. Ndiunikire apa, mwanangu."

Darlene anayatsa tochi n'kuwaunikira.