Tsiku Limene Anamwino Anagwa Pakhomo Pathu

Ndikukumbukira fungo la polishi wofiira m'kanyumba kamene a njanji anapatsa Abambo ku Sakubva, m'zaka zimene akuluakulu ankayamba anena Umtali kenako n'kudzikonza kuti Mutare. Ufulu utangobwera, anamwino anayamba kuyendera makomo, kuphunzitsa za ngozi za panyumba. Amayi anga anamva zawozawo. Kwa iwo, boma linkabwera kudzaona ngati ife ochokera ku Malawi tili aukhondo, ndipo analumbira kuti aneba satiseka.

Simenti inapakidwa polishi katatu. Ine Esinati, mwana woyamba, anandimanga nsanza kumapazi, n'kumatsetsereka uku ndi uku mpaka pansi pankaoneka nkhope. Zonse zosakongola Amayi anazibisa kunsi kwa tebulo, kuseri kwa nsalu: pulayimasi, lezala la Abambo, ndi parafini amene tinkasunga m'botolo la zakumwa lotseka ndi chitsononkho. Mng'ono wanga Tiyanjane, amene anali atangoyamba kukwawa, anamudzoza mafuta n'kumukhazika pakona kuti alendo amuyamikire.

Anamwino anafika cha m'ma teni, mayi wathupi, nsapato zoyera mbee. Anaodira, anaponda kamodzi, kachiwiri miyendo inali m'mwamba. Chikwama chawo chinathawira kukhitchini. Ndinadziluma lilime kuti ndisaseke, koma mapewa anandiulula. Amayi anathamanga kuti akawadzutse, nawonso phii, pambali pawo.

"Pepani asisita, pepani ndithu."

"Musadzuke, Amai Esinati," anatero anamwinowo m'Chishona chawo, akusisita m'chiuno. "Pano ndi pamene mwana amaonera dziko. Tayang'anani uko."

Kunsi kwa nsalu ya tebulo kunkaoneka timapazi tiwiri. Tiyanjane anali atakumbatira botolo lija, akutafuna chitsononkho, ndipo chinali chitayamba kugwedera. Kuseka kunandithera. Amayi anakwawa pa polishi wawo yemweyo, n'kulanda botolo, n'kumununkhiza mwanayo pakamwa mobwerezabwereza. Anali asanamwe. Mpaka lero ndikaganiza za tsikulo mantha amandigwira.

Anamwino sanakalipe. Anangotizungulitsa nyumba yonse chokwawa, iwo patsogolo, Amayi pakati, ine kumchira, tikutola mabatani, machesi ndi singano yomwe inasowa pa Khirisimasi. Abambo atabwera kudzadya masana anatipeza tonse tili chogwada. Anavula chipewa n'kutsinzina, poganiza kuti ndi mapemphero a amayi a kutchalitchi. Tsiku lomwelo anakhoma shelefu yoikapo zinthu zoopsazo pamwamba, pamalo poti ngakhale iwo eni ankachita kukwera pampando.

Lero adzukulu anga amakhala ku Florida, m'nyumba ya matailosi ndi magetsi, ndipo parafini samudziwa n'komwe. Koma kunsi kwa sinki kumakhala mankhwala otsukira m'chimbudzi, okongola ngati zakumwa. Ndikapitako, ndisanalandire ndi tiyi yemwe, ndimagwada n'kuyamba kukwawa, mawondo akulira. Mpongozi wanga amanong'oneza ana kuti agogo mutu wayamba kukalamba, ndipo onse amaseka. Tiyanjane yekha, amene tsopano wamera imvi, ndiye saseka.